Kanema amathera pa mpanda: za mafilimu a anthu othawa m'ndende

Loweruka lapitali mwana wa mchemwali wanga, yemwe ali Fomu 3, anadzipinda pakhonde kwathu ku Matawale maso ali pa foni. Mnzake wa kusukulu anamuikira Prison Break pa memori kadi, ija a DJ amalankhulira pamwamba m'Chichewa. Nditamuitana kuti adzadye sanandimve n'komwe. Patapita nthawi anadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Amalume, kodi zoterezi zingatheke pa ndende yathu ija ya pa msewu wa ku Blantyre?"

Ndinangomuuza kuti ayambe wasamba m'manja nsima isanazizire. Koma funso lakelo landikhala mumtima sabata yonse. Kwa ife a ku Zomba ndende si nkhambakamwa. Ndende ya chitetezo chokhwima ya dziko lino ili pomwepa mukamalowa m'tauni, ndipo anaimanga atsamunda mu 1935. Kumunsi kolowera ku Chilwa kuli Mikuyu, ku Domasi kulinso ina. Akaidi timakumana nawo m'mawa akutchetcha m'mbali mwa msewu, msilikali ataimirira chapatali ndi mfuti. Ndiye tikamakuwa ndi chimwemwe mu vidiyo sho munthu akaboola khoma, timakhala tikukondwerera chiyani?

Chinthu choyamba kuchimvetsa n'chakuti mafilimu amenewa dzina lawo ndi la kuthawa, koma m'kati mwake modzaza ndi ntchito. Liwiro lenileni limabwera kumapeto, mwina mphindi khumi zokha. Nthawi ina yonseyo woonera amakhala akuyang'ana manja a munthu akupala, akuyeza, akubisa, akudikira. Filimu imene inaonetsa zimenezi mosabisa ndi ya ku France ya mu 1956, A Man Escaped, ya Robert Bresson. Dzina lake lomwe likuuziranitu kuti munthuyo anathawa, choncho palibe chodikira kuti mudziwe mathero. Nkhani yake inachokera pa André Devigny, amene anatuluka m'ndende ya Montluc mumzinda wa Lyon mu 1943, nthawi imene Ajeremani ankalamulira kumeneko. Chimene mumaonera kwa ola ndi theka ndi mwamuna mmodzi akunola chogwirira cha supuni pansi, akusolola matabwa a chitseko pang'onopang'ono, akupota zingwe kuchokera ku zofunda ndi waya wa bedi. Mulibe ndewu za karate, koma mtima umagunda ngati ng'oma ya mganda.

Chifukwa chake n'chakuti mkaidi amulanda zonse koma amusiyira chinthu chimodzi chochuluka mopitirira muyeso, ndicho nthawi. Msilikali wa ndende ali ndi zambiri m'mutu: fizi ya ana, ngongole ya pagolosale, ola lowerukira. Loko amaliyang'ana kwa kamphindi potseka basi. Mkaidi loko lomwelo amaliyang'ana usana ndi usiku kwa chaka chathunthu. Pa kusiyana kumeneku m'pamene pagona filimu iliyonse ya mtundu uwu.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya kufupi ndi kwathu kuno. Mu 1978 boma la tsankho la ku South Africa linamanga anyamata awiri achizungu, Tim Jenkin ndi Stephen Lee, chifukwa chomwaza timapepala ta uthenga wa ANC m'misewu. Jenkin anamupatsa zaka 12, Lee zaka 8, n'kuwatsekera ku Pretoria. Jenkin anayamba kuyang'anitsitsa makiyi olendewera m'chiuno mwa asilikali. Ankaloweza kutalika kwa mano ake ndi maso okha, kenako kumalo kophunzirira ukalipentala ankasema kiyi wa mtengo mobisa. Usiku ankamuyesa pa chitseko. Akakana kuzungulira ankamupalanso pang'ono, mawa lake n'kuyesanso. Tangoganizani kiyi wa mtengo ali m'kati mwa loko lachitsulo: mukangopotoza ndi mphamvu wathyokera momwemo, ndipo m'mawa asilikali adzapeza chidutswacho. Pakati pa chipinda chawo ndi msewu panali zitseko 10. Mu December 1979 awiriwa pamodzi ndi mnzawo Alex Moumbaris anadutsa zonsezo, chomaliza anachita kuchigoba ndi tchizulo chifukwa analibe kiyi wake, n'kutulukira pa khomo la kumaso atavala zovala wamba. Filimu ya nkhaniyi, Escape from Pretoria, inatuluka mu 2020. Anaijambulira ku Australia, ndipo m'malo mwa Moumbaris anaikamo munthu wa dzina lopeka, koma za makiyi a mitengozo n'zoona ndithu.

Mafilimu otere anachuluka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Asilikali amene anagwidwa ku nkhondo n'kusungidwa m'misasa ya adani atabwerera kwawo analemba mabuku, mabukuwo n'kusanduka akanema. Pamenepo woonera analibe chovuta posankha mbali. Msilikali wogwidwa ku nkhondo si chigawenga, ndipo ambiri ankaona kuti kuyesa kuthawa ndi udindo wawo. Yotchuka mwa onse ndi The Great Escape ya mu 1963. Zenizeni zake zinachitikira pa msasa wa Stalag Luft III, kumalo amene lero ali m'dziko la Poland. Ajeremani anasankha dala malo a mchenga kuti ngalande ya pansi izigumuka. Akaidiwo anakumba ngalande zitatu n'kuzitcha Tom, Dick ndi Harry. Ya Harry inatsika pafupifupi mamita 9 pansi, kutalika kwake kupitirira mamita 100. Anachirikiza makoma ake ndi matabwa a mabedi awo, mpweya ankaulowetsa ndi paipi yolumikiza zitini za mkaka. Vuto lalikulu linali kotaya mchenga, chifukwa wa pansi unali wachikasu pamene wa pamwamba unali wotuwa. Ankauika m'timatumba tobisa m'miyendo ya thalauza n'kumaukhuthula pang'onopang'ono poyenda pabwalo.

Usiku wa pa 24 March 1944 anthu 76 anatuluka. Apa ndi pamene munthu ayenera kuima kaye. Mwa 76 aja, amene anapulumuka osagwidwanso ndi atatu okha, awiri a ku Norway ndi mmodzi wa ku Netherlands. Ena 73 anagwidwanso, ndipo 50 mwa iwo anaomberedwa molamulidwa ndi Hitler, kuphatikizapo mtsogoleri wawo Roger Bushell. Filimuyo sinabise imfazi, tisainamizire. Koma funsani aliyense amene anaionera kuti akukumbukira chiyani, adzakuuzani za Steve McQueen akudumpha mpanda pa njinga yamoto. Njinga imeneyo kunalibe. Anaiwonjezera opanga filimu, ndipo usiku wothawawo panalibe msilikali wa gulu lankhondo la America amene anatuluka nawo.

Nkhani zitachoka ku nkhondo kupita ku ndende wamba, olemba anakumana ndi mfundo yovuta kumasula. Munthu amene ali m'ndende wamba khothi linamupeza wolakwa. Ndiye mungamuchititse bwanji woonera, amene mwina anaberedwapo mbuzi kapena kuthyoleredwa nyumba, kuti amupempherere wakubayo kuti apulumuke?

Njira imene amaikonda ndi yomuyeretsa. Mu The Shawshank Redemption ya mu 1994, yochokera pa nthano yopeka ya Stephen King, mwamunayo amamangidwa pa mlandu wopha mkazi wake pamene sanaphe. Mu Prison Break ya mwana wa mchemwali wanga ija, yomwe inayamba mu 2005, mnyamata amadzimangitsa dala kuti akatulutse mkulu wake amene akudikira kunyongedwa pa mlandu womunamizira. Henri Charrière, mwini nkhani ya filimu ya Papillon ya mu 1973, nayenso ankati anamusemera chinyau asanamutumize ku ndende za ku French Guiana, ngakhale ofufuza ambiri amati zina mwa zimene analemba m'buku lake zinachitikira akaidi ena osati iye. Ikalephera njira yomuyeretsa, amadetsa womusunga. Frank Morris ndi abale awiri, John ndi Clarence Anglin, amene anathawa pa chilumba cha Alcatraz mu June 1962, sanali angelo. Anali anthu a mbiri yakuba, kuphatikizapo kuthyola mabanki. Choncho filimu ya nkhaniyi, Escape from Alcatraz ya mu 1979, momwe munali Clint Eastwood, inatipatsa mkulu wa ndende wouma mtima kuti tikhale ndi womuda. Zina zonsezo zinachitikadi: kukulitsa bowo la mpweya ndi masupuni, kuumba mitu yabodza ya sopo ndi mapepala n'kuimata tsitsi lenileni lotola kometera kuti msilikali wowerenga usiku aziona ngati agona, ndi kusoka bwato lopopa kuchokera ku majasi a mvula oposa 50. Analowa m'madzi ozizira a ku San Francisco ndipo mpaka lero sanapezeke, amoyo kapena akufa.

Kudetsa womusungaku nthawi zina kumapweteka anthu enieni. Midnight Express ya mu 1978 inajambula anthu a ku Turkey ngati onse ndi zilombo, mpaka patapita zaka wolemba wake, Oliver Stone, anapepesa. Mwini nkhaniyo, Billy Hayes, Mmereka amene anali m'ndende kumeneko, sanaphe msilikali pothawa monga filimu ikuonetsera. Anachoka ndi bwato pa chilumba pamene panali ndende yake. Ndimaganizira zimenezi ndikaona asilikali a ndende a kuno, amene timapemphera nawo tchalitchi chimodzi ndi kukwera nawo kabaza mmodzi. Alipo ankhanza, palibe angakane, koma ambiri ndi anthu a malipiro ochepa amene akuyang'anira khamu loposa mphamvu zawo. Ngakhale ku Pretoria kuja, msilikali amene anali pa ntchito usiku umenewo anamangidwa n'kuzengedwa mlandu pomuganizira kuti anathandiza nawo, ngakhale pamapeto khothi linamumasula. Wothawa aliyense amasiya munthu m'mbuyo woti ayankhe.

Tsono tibwere ku funso la mnyamata uja.

Taonani chinthu chimodzi chimene ambiri mwa mafilimuwa amafanana: mkaidi amakhala ndi chipinda chake, payekha kapena ndi mnzake mmodzi. Ali ndi bedi lobisapo chida, ali ndi khoma lakelake lomatapo chithunzi, ali ndi maola a usiku amene palibe diso lomuona. Popanda chinsinsi chimenechi filimu yonse yagwa. Ndende zathu sizili choncho. Chipinda chimene anachimangira anthu ochepa chimalandira khamu. Amene anakhalamo amasimba za shamba, pakati pa chipinda pamene ofika kumene amachezera usiku wonse atakhala tsonga, miyendo itapindidwa, wina atatsamira pa mawondo a mnzake, chifukwa malo ogona chotambalala anatha. M'chipinda chilichonse muli nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, amene amadziwa aliyense wotsokomola. Mungapale khoma liti anthu makumi angapo akukupumirani m'khosi? Ndipo mungakumbe ndi mphamvu ziti, chakudya chili kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba?

Izi si zonena za m'misika chabe. Mu 2009, pa mlandu umene anakasuma mkaidi wina dzina lake Gable Masangano, Khothi Lalikulu litakhala ngati khothi la zamalamulo oyendetsera dziko linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zonyazitsa umunthu, ndipo linalamula boma kuti lichepetse chiwerengerocho ndi theka m'miyezi 18. Zaka zadutsa zambiri chigamulireni, koma bungwe loyendera ndende lakhala likubwereza dandaulo lomweli. Mdani wa mkaidi wa kuno si loko lanzeru ayi. Ndi TB, mphere, njala, ndi fayilo imene yasowa kukhothi.

Sikuti kuno anthu sathawa. Amathawa, koma kawirikawiri m'njira yopanda ulemerero uliwonse: wina wapita kukagwira ntchito kumunda, msilikali wacheukira kumbali, iye n'kunena kuti phazi thandize; wina wamutengera kuchipatala n'kuzemba. Ndipo apa m'pamene pali chinthu chachikulu chimene kanema amatibisira. Filimu imatha munthu akangodumpha mpanda, mvula ikumugwa, manja ali m'mwamba. Moyo weniweni umayambira pomwepo. Alowera kuti? Zomba ndi tauni ya asilikali ndi apolisi, kumtunda kuli phiri, kumunsi kuli dambo la Chilwa. Thumba lili mbee. Kumene mtima ungamukokere ndi kumudzi kwa mayi ake, kumenenso apolisi amayambira kufunafuna. Kumudziko mlendo sabisika, nyakwawa amadziwa dzuwa lisanalowe, ndipo ngati anthu akumukumbukira ndi mkwiyo akhoza kuona zakuda asanafike n'komwe m'manja mwa boma. Akagwidwa, kuthawako ndi mlandu wina pa malamulo athu, zaka n'kuwonjezekera pa zakale. Ku Germany anaziona mwina: kumeneko kuthawa pakokha si mlandu, chifukwa amati kufuna ufulu n'chibadwa cha munthu, koma ukaswa chitseko kapena kuvulaza wina uyankha pa zimenezo, ndipo chilango chako chakale uchimalizabe. Jenkin ndi anzake anapulumuka chifukwa kunja kunali gulu lowalandira ndi kuwaolotsa malire. Anthu 73 a ku Stalag Luft III aja analibe zimenezo.

Ndende za ku Zomba zili ndi nkhani zazikulu kuposa za ku Alcatraz, kungoti khomo lake lotulukira ndi lina. Jack Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College pompano, anamugwira mu September 1987 n'kumutsekera ku Mikuyu popanda kumuzenga mlandu uliwonse. Anatuluka mu May 1991. Nthawi ya chipani chimodzi imeneyo kuthawa kukanatanthauza kuika abale ako onse pamoto, ndipo dziko lonse linali ndi maso a chipani pa msika uliwonse. Chimene chinadumpha mpanda wa Mikuyu si thupi lake koma timakalata tozembetsedwa, tomwe tinafika kwa anzake kunja, iwo n'kuchititsa phokoso m'maiko ambiri mpaka boma linatopa nalo. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagwidwa mu December 1981, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983, kenako chilangocho chinasinthidwa kukhala moyo wonse m'ndende. Anasungidwa m'ndende imodzi ya Zomba koma kwa zaka zisanu ndi zitatu osaonana. Bambo Chirwa anamwalira momwemo mu October 1992. Mayi Chirwa anatuluka mu January 1993, ndipo patapita zaka anasankhidwa kukhala woyendera ndende za mu Africa m'malo mwa bungwe la ufulu wa anthu la kontinenti ino. Munthu amene anagonapo pa simenti ya Zomba n'kubwereranso m'ndende atanyamula kope ndi cholembera kukafunsa akaidi za kadyedwe kawo: ine ndikanakhala wopanga mafilimu ndikanayambira pamenepo.

Palinso ena amene anatuluka kudzera pa pepala. Kale aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha ankangoweruzidwa kuti anyongedwe, woweruza analibe mpata woganizira zina. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, khothi linati lamulo lokakamiza chotere likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Kuyambira mu 2015 milandu ya anthu amenewo inayamba kumvedwanso mmodzimmodzi, ndipo ambiri amene anakhala zaka akudikira chingwe kuno ku Zomba anapita kwawo. Ntchito imene inawatulutsa inali yofanana ndi ya kiyi wa mtengo uja pa kuleza mtima kwake: maloya ndi owathandiza kuyenda m'midzi kufunsa mafumu ndi abale, kusakasaka mafayilo a zaka makumi awiri zapitazo, kulemba, kudikira tsiku la khothi, kulephereka, kuyambiranso. Zomwezo zimachitika mwakachetechete pamene majisitireti apita kukakhala m'ndende momwemo kumva za anthu a pa rimandi amene aiwalika. Malamulo athu amati womangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48, komabe alipo amene amatha miyezi, ena zaka, mlandu wawo usanayambe. Kwa munthu wotere belo ndiye ngalande yake.

Ndipo mawu a akaidi a pano anafikapo kutali kumene eni ake sanapondeko. Mu 2013 Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, analoledwa kulowa m'ndende ya Zomba ndi zipangizo zake. Nyimbo zimene amuna ndi amayi a m'katimo anaimba, zambiri m'Chichewa, zinasankhidwa kukapikisana nawo pa mphoto za Grammy za mu 2016, koyamba m'mbiri ya Malawi. Oimbawo anamva uthengawo ali m'kati momwemo.

Pa mafilimu onse ndatchulawa, chigawo chimene ndimachikhulupirira kwambiri chilibe kuthawa m'kati. Chili mu Shawshank, pamene nkhalamba ina imene yakhala m'ndende zaka 50 yamasulidwa mwalamulo. Kunja galimoto zikumuopsa, manja sakufulumira pa ntchito ya m'sitolo, usiku tulo sitibwera chifukwa palibe womuuza nthawi yogona. Nkhalamba imeneyo ndinaionapo ndi maso anga, osati pa kanema. Tsiku lina m'mawa ndikudikira minibasi pafupi ndi ndende, panatuluka bambo wina wa imvi atanyamula jumbo yakuda, malaya akumukhwepa. Anaima m'mbali mwa msewu nthawi yaitali osaoloka, ngakhale msewu unali mbee. Kenako anayandikira mayi wogulitsa nthochi n'kufunsa mwaulemu, chipewa chili m'manja, "Mayi, pepani, kodi masiku ano kupita ku Jali ndi ndalama zingati?" Mayiyo atamuuza, bamboyo anangoti kukamwa yasa. Anakhala pansi pa mwala n'kuyamba kuwerenga zimene zinali m'thumba mwake, kubwereza kawiri.

Dzulo madzulo ndinamufotokozera mwana wa mchemwali wanga zina mwa izi tikuchokera kumsika. Za Stalag Luft sizinamukhudze kwenikweni, koma za makiyi a mitengo anandifunsa katatu, ndipo akuti akamuuza mnzake uja amufunire filimu ya Pretoria. Tikudutsa pa geti la ndende tinapeza amayi angapo atakhala pa udzu ndi madengu ovundikira nsalu, akudikira kuti awalole kupereka chakudya kwa abale awo. Mmodzi anali ndi mwana kumsana, ndipo pambali pake panali kontena ya nsima imene anaikulunga m'chitenje kuti isazizire. Mnyamatayo anachepetsa liwiro, n'kundinong'oneza kuti, "Amalume, amenewa amabwera tsiku lililonse?" Ndinamuuza kuti amene ali pafupi amayesetsa, koma a ku Nsanje ndi ku Chitipa sangathe. Anakhala chete mpaka tinafika pokwerera kabaza.